Kumene Mvula Imagwa M'chisanu: Makalavani a M'chigwa cha Elgin

Msewu waukulu wa N2 ukatuluka mumzinda wa Cape Town umadutsa m'chidikha cha mchenga, n'kupyola bwalo la ndege ndi tauni ya Somerset West, kenaka umayamba kukwera mapiri a Hottentots Holland. Chikweza chake ndi Sir Lowry's Pass, njira yokhotakhota imene inatsegulidwa m'chaka cha 1830. M'mwezi wa Julaye nkhungu imakuta pamwamba pa phirili, mamita oposa 400 kuchokera pa nyanja, moti masiku ena oyendetsa malole amayatsa nyali dzuwa lili paliwombo. Mlendo akatsetsereka tsidya linalo amaona mitengo ya paini, madamu odzaza madzi, kenaka mizere ya mitengo ya zipatso yopanda tsamba n'limodzi lomwe. Apa ndiye pa Grabouw, tauni ya m'chigwa cha Elgin, pafupifupi makilomita 70 kuchokera ku Cape Town.

Dzina la tauniyi linachokera ku Grabow, kwawo kwa Wilhelm Langschmidt, Mjeremani wojambula zithunzi amene anagula malo pano mu 1856 n'kutsegulapo sitolo. Ulimi wa zipatso unakhazikika pambuyo pake. Sir Antonie Viljoen, amene anagula famu ya Oak Valley mu 1898, ndi mmodzi mwa anthu oyamba kubzala maapozi ochuluka m'chigwachi, ndipo chakumwa cha Appletiser chinayambira konkuno mu 1966. Lero maapozi a ku Elgin amakwera sitima za pamadzi kupita ku Ulaya ndi ku Asia, pamene ena amayenda pa malole mpaka m'misika ya m'maiko a kumpoto kwa mtsinje wa Limpopo.

Mtengo wa apozi umafuna kuzizidwa kwa masabata ambiri kuti udzachite maluwa bwino. Chisanu chimene alimi a kuno amachiyembekezera ndi mtima wonse ndi chomwecho chimene chimasautsa anthu ogona m'nyumba za makoma opyapyala.

Dzinja ndi chisanu pa nthawi imodzi

Munthu wokulira ku Kasungu, ku Chipata kapena ku Angonia amadziwa kuti mvula imabwera ndi kutentha, ndipo chisanu chimabwera kunja kutauma. M'mwezi wa Juni mphepo imaluma, koma chovala chochapidwa m'mawa chimakhala chitauma pofika masana. Ku Western Cape zinthu n'zotembenuka. Chilimwe n'chouma ndiponso cha mphepo, pamene mvula yambiri imagwa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Imachokera ku nyanja ya Atlantic, itatengedwa ndi mphepo ya kumpoto chakumadzulo, ndipo imatha kuvumba masiku atatu kapena anayi osakata. Chigwa cha Elgin, pokhala chozunguliridwa ndi mapiri, chimalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 1,000 pa chaka, kuposa kwambiri imene imagwa m'chidikha cha Cape Town. Usiku wina kumazizira kufika pansi pa madigiri 5, ndipo nthawi zina pamwamba pa mapiri pamayera ndi chipale.

Mvulayi siigwa mofanana chaka ndi chaka. Kuyambira 2015 mpaka 2018 kunali chilala choopsa, ndipo damu lalikulu la Theewaterskloof, limene lili kufupi ndi Villiersdorp, linatsala pang'ono kuphwa moti anthu a mu Cape Town ankachita kuwerenga malita a madzi. Koma walira mvula walira matope. M'mwezi wa Seputembala 2023 madzi osefukira anadula msewu wa N2 pa mlatho wa ku Botrivier, chakum'mawa kwa Grabouw, ndipo mabanja ambiri a m'tisakasa anagona pamadzi.

Maapozi amakololedwa kuyambira chakumayambiriro kwa chaka mpaka Meyi. Nthawi imeneyi m'chigwamo mumadzaza anthu ofuna maganyu: ochokera ku Eastern Cape, ku Lesotho, ku Zimbabwe, ndiponso Amalawi amene amabwera pa basi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Kukolola kukatha ntchito imachepa. Imatsala ya kuthenera mitengo, ya m'nyumba zolongedzera zipatso ndi ya ulonda. Amene alibe ndalama yobwererera kwawo, kapena amene akudikira nyengo ina, amakhalabe, ndipo ndi iwowa amene amakumana ndi chisanu chonyowa kwa nthawi yoyamba.

Nyumba ya pa matayala

Antchito ena amagona m'nyumba za njerwa za pa famu, ena m'mahositelo. Ambiri amachita lendi m'tisakasa ta malata kuseri kwa nyumba za ena kapena m'malo monga Siyanyanzela. Palinso ogona m'tinyumba ta matabwa totchedwa wendy house, m'makontena a chitsulo ndi m'makalavani akale. Kalavani yotere kale inali ya banja lopeza bwino lopita kutchuthi ku nyanja. Itakalamba inagulitsidwa motchipa, n'kuimikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, m'mbali mwa munda kapena pa chipata cha malo omangapo. Ku South Africa nyumba zotere n'zodziwika moti ngakhale fomu ya kalembera wa anthu ili ndi mzere wake wa okhala m'kalavani kapena m'tenti.

Poyerekeza ndi chisakasa, kalavani imaoneka yapamwamba. Ili ndi chitseko cha loko, mazenera, makabati ndi bedi, ndipo pansi pake sipakhudza dothi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khoma lake ndi chitsulo chopyapyala cha aluminiyamu kunja, timatabwa ndi chotchinga kuzizira chochepa pakati, ndi pulayiwudi m'kati. Zonsezi pamodzi n'zochindikala masentimita 3 okha kapena kucheperapo. Inapangidwira anthu ogonamo masabata awiri m'chilimwe, amene amaphika ndi kucheza panja. Banja likamakhalamo chaka chonse, likuphika, kusamba ndi kuyanika zovala m'kati, kanyumbako kamasenza katundu amene sikanapangidwire.

Chizindikiro choyamba chimaoneka m'mamawa. Mazenera amachucha madzi, kudenga kumalendewera timadontho, ndipo bulangete la ku khoma limakhala lonyowa ngati lagona pa mame. Pakapita masabata angapo m'ngodya mumatuluka timawanga takuda, nsapato za pansi pa bedi zimamera ubweya wobiriwira, ndipo m'kabati mumatuluka fungo longa la thumba la chimanga chovunda. Zovala ndi mabulangete amene munthu wakhala akugula pang'onopang'ono kuti adzatumize kumudzi zimathimbirira. Pasipoti ndi zikalata za ntchito zimamatana masamba.

Madziwo amachokera kuti?

Ambiri akaona madontho amaganiza kuti denga likudontha. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma kawirikawiri madziwo amakhala atapangidwa m'nyumba momwemo.

Mpweya umasunga madzi osaoneka ndi maso, ndipo ukatentha umasunga ambiri kuposa ukazizira. Mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mulitali, mulifupi ndi msinkhu umatha kusunga magalamu 17 a madzi pa madigiri 20. Pa madigiri 10 umasunga magalamu 9 okha, ndipo pa madigiri 0 umasunga osakwana 5. Mpweya wofunda ukakhudza chinthu chozizira umataya madzi amene sungathenso kuwasunga, monga mmene botolo la chakumwa chozizira limachitira thukuta masana. M'chipinda cha madigiri 20 chimene chinyezi chake chafika 70 pa 100, chilichonse chozizira kufika madigiri 14 chimanyowa. Usiku wa Julaye ku Grabouw khoma la kalavani limazizira kuposa pamenepo.

Kalavani ya mamita 5 mulitali, 2 mulifupi ndi 2 msinkhu ili ndi mpweya wa mabokosi 20 otere. Pa madigiri 15 mpweya wonsewo ungasunge madzi ongokwana kapu imodzi yaikulu. Munthu wamkulu ali m'tulo amatulutsa magalamu pafupifupi 40 pa ola kudzera m'mpweya wopuma ndi pakhungu. Akuluakulu anayi akagona maola 8 amatulutsa madzi oposa lita imodzi, kutanthauza makapu asanu m'chipinda chokwana kapu imodzi. Makapu anayi otsalawo, ngati alibe potulukira, amathera pa zenera, kudenga ndi pansi pa matiresi.

Moto umawonjezera. Lita imodzi ya palafini ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzi. Kilogalamu imodzi ya gasi imatulutsa lita imodzi ndi theka, ndiye kuti silinda ya makilogalamu 9 imathira malita pafupifupi 14 m'nyumba. Pamwamba pa apo pali nthunzi ya madzi a nsima, ya nyemba zowira maola atatu, ya beseni losambira, ndi ya ovolosi ndi masokosi onyowa oyanikidwa pa chingwe m'kati. Choncho banja lotseka ming'alu yonse ndi nsanza n'kuyatsa chitofu cha palafini kuti lifunde limakhala likudzithira madzi lokha.

Kusiyanitsa kudontha ndi thukuta la makoma n'kosavuta. Denga lodontha limanyowetsa malo amodzi, mvula ikagwa, ndipo limasiya banga lofiirira ndi thabwa lofewa. Thukuta limaoneka ponseponse, makamaka pa magalasi, pa mafelemu a chitsulo ndi m'ngodya, ndipo limachuluka m'mawa wozizira ngakhale usikuwo kunali nyenyezi.

Chuku ndi chifuwa

Mlimi wa mtedza safuna kuuzidwa za chuku. Amadziwa kuti mtedza wosauma bwino ukaikidwa m'thumba umaola, ndiponso kuti poizoni wake wa aflatoxin amautsekereza kumisika ya kunja. Chuku cha pa khoma ndi cha mtundu womwewo wa zamoyo. Timbewu take timauluka mumpweya nthawi zonse, ndipo timangodikira malo onyowa ndi chakudya, monga thabwa, pepala, nsalu, chikopa kapena fumbi. Chinthu chikakhala chonyowa kwa maola 24 mpaka 48 chuku chimayamba kumera. Sichilira madontho ooneka: pamalo pamene chinyezi chimakhala choposa 80 pa 100 kwa masiku ambiri, chimakula.

Mu 2009 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo okhudza chinyontho ndi chuku m'nyumba. Linanena kuti okhala m'nyumba zonyowa amavutika kwambiri ndi chifuwa, kubanika, chimfine chosatha ndi mphumu. Ana aang'ono, okalamba ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu. Ku England, mwana wa zaka ziwiri Awaab Ishak anamwalira mu 2020 ku Rochdale, ndipo mu 2022 wofufuza za imfa anagamula kuti chinamupha ndi chuku cha m'nyumba ya lendi imene banja lake linkakhala. Imfayi inachititsa kuti kukhazikitsidwe lamulo, limene linayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2025, lokakamiza eni nyumba za anthu wamba kukonza vutoli msanga.

Ku Western Cape pali nkhawa ina. Chigawochi chili ndi odwala chifuwa chachikulu cha TB ambiri. Chuku sichiyambitsa TB, koma chipinda chotsekedwa kotheratu, chimene anthu ambiri akupuma mpweya umodzimodzi, ndi malo amene TB imafalikira mosavuta. Komanso chuku cha mtundu wa Aspergillus chimatha kukhazikika m'mabowo amene TB inasiya m'mapapo a munthu wochira, n'kuyambitsa chifuwa chimene chimaoneka ngati matenda akalewo abwerera. Wokhosomola kwa masabata awiri ayenera kupita kukayezetsa. M'zipatala zazing'ono za boma ku South Africa kuyeza ndi mankhwala a TB n'zaulere.

Mpweya uziyenda

Mankhwala oyamba a chinyontho salira ndalama. Ambiri amakayika kutsegula zenera kunja kukuvumba, poganiza kuti akulowetsa chinyezi. Masamu ake amaonetsa zina. Mpweya wa panja wa madigiri 8, ngakhale mvula ikugwa, sungasunge madzi oposa magalamu 8 pa bokosi lija. Ukalowa n'kufunda kufika madigiri 18 umakhala ndi malo osungira pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndipo umayamba kuyamwa chinyontho cha m'nyumba. Mpweya wozizira wa panja ndi wouma kuposa wofunda wa m'kati.

Pamafunika mipata iwiri, wina m'munsi wolowera mpweya, wina kumwamba wotulukira. Kalavani iliyonse inapangidwa ndi timabowo totere: kachivundikiro ka padenga ndi timipata ta pansi kapena pa chitseko. Sitiyenera kutsekedwa ndi nsanza kapena makatoni. Timipata ta pansi tili ndi ntchito inanso yofunika kwambiri, chifukwa gasi ndi wolemera kuposa mpweya, ndipo akamadontha amatulukira pamenepo. Usiku zenera limodzi lakutali ndi mitu ya ogona likhale lotseguka mpata wa chala chimodzi. M'mawa chitseko ndi mazenera zitsegulidwe kwa mphindi 10, magalasi apukutidwe, ndipo nsanzayo ikafinyidwire panja.

Pophika, poto akhale wovundikira ndipo kachivundikiro ka padenga kakhale kotsegula. Nyemba zonyikidwa usiku zimapsa msanga. Zikawira kwa kanthawi zikhoza kuikidwa mu dengu loyalidwa nsalu zochindikala kapena m'thumba losunga kutentha, monga Wonderbag imene inayambira ku South Africa komweko, n'kumapsa pang'onopang'ono popanda moto ndi nthunzi. Kumene kuli kotheka, kakhumbi ka malata pakhomo kamathetsa mavuto awiri: pamenepo pamaphikidwa, ndipo ndi pomwe pamayanikidwa zovala ndi majombo.

Mbaula ya makala isalowe m'kalavani ngakhale kutazizira motani. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, umene chaka chilichonse umapha anthu ali m'tulo m'maiko a kum'mwera kuno. Chitofu cha gasi kapena cha palafini nachonso chisasiyidwe chikuyaka anthu akagona. Hita ya magetsi imapereka kutentha kopanda madzi, koma ikalumikizidwa pa waya wopyapyala wochokera ku nyumba ina imatha kuyambitsa moto. Bulangete lina, chipewa ndi botolo la madzi otentha kumapazi n'zotetezeka kuposa zonsezi.

Pansi pa matiresi ndi kuseri kwa kabati

Chuku chimakonda malo amdima amene mpweya suyenda. M'kalavani malo oyamba ndi pansi pa matiresi. Thupi limafunditsa siponji, chinyezi chimatsikira pansi, n'kukakumana ndi thabwa lozizira. Matiresi ayenera kukhala pa timatabwa totalikirana, kapena thabwa la bedi liboolidwe mabowo ambiri. Mapaleti akale a m'nyumba zolongedzera zipatso amagwira bwino ntchitoyi. Okhala ndi chidindo cha HT anawotchedwa ndi kutentha kokha ndipo ndi abwino, pamene a chidindo cha MB anathiridwa mankhwala ophera tizilombo ndipo ndi bwino kuwapewa. M'mawa uliwonse matiresi aimikidwe cham'mbali, ndipo dzuwa likawala atulutsidwe panja.

Katundu asagunde khoma lakunja. Mpata wa chikhatho chimodzi ndi wokwanira, monga mmene matumba a chimanga amasanjidwira pa matabwa, motalikira ndi khoma la nyumba yosungiramo. Zitseko za makabati zizikhala zotsegula masana, ndipo m'kati musadzaze thothotho. Zikalata ndi zovala zotumiza kumudzi ziyambe zauma padzuwa, kenaka zitsekeredwe m'chidebe cha pulasitiki chotseka bwino. Chinthu chachinyezi chikatsekeredwa m'pulasitiki chimavunda msanga kuposa chili pamtunda.

Malo oimika kalavani nawo ndi ofunika. M'chisanu dzuwa la ku Cape limadutsa chakumpoto ndiponso m'munsi, choncho zenera lalikulu liyang'ane kumpoto, pamene chitseko chikhale mbali yobisika ku mphepo ya mvula. Pansi pa mtengo wa paini kapena wa oki pamaoneka pabwino m'chilimwe, koma m'chisanu pamachedwa kuuma ndipo masamba amatseka njira za madzi padenga. Kalavani ikhale pamalo okwera, pothiridwa miyala, pozunguliridwa ndi kangalande, itapendekeka pang'ono kuti madzi asaime padenga. Udzu wa pansi pake udulidwe kuti mphepo izidutsa. Amene angakwanitse amamanga denga lachiwiri la malata pa mizati, motalikira pang'ono ndi denga la kalavani, lomangidwa zolimba chifukwa mphepo ya kuno imasasula.

Chuku chikamera kale, chisakolopedwe chouma, chifukwa timbewu take timabalalika m'nyumba monse. Malowo atsukidwe ndi madzi a sopo, mazenera ali otsegula, wotsukayo atavala magolovesi ndi chotchinga pamphuno. Pa chitsulo ndi pulasitiki pakhoza kupakidwa madzi osakaniza ndi Jik, kapu imodzi pa malita 4. Jik asasakanizidwe ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira, chifukwa pamatuluka mpweya wowononga mapapo. Ana ndi anthu a mphumu akhale panja mpaka pataumiratu. Siponji kapena katoni imene chuku chalowerera m'kati itayidwe. Kupaka penti pamwamba pa banga kumangobisa vuto kwa milungu yochepa, ndipo ngati gwero la madzi silinathetsedwe chuku chimabwerera pomwepo.

Kalavani yotsekedwa mpaka nyengo ina

Makalavani ena amatsekedwa kukolola kukatha, n'kudzatsegulidwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi pambuyo pake. Ngakhale mulibe wopuma, chinyezi chimalowabe. Masana dzuwa limafunditsa m'kati, usiku makoma amazizira, ndipo madontho amapangika tsiku ndi tsiku popanda wowapukuta.

Isanatsekedwe iyenera kusesedwa, kutsukidwa ndi kuumitsidwa tsiku la dzuwa. Chakudya chonse chichotsedwe, ngakhale nyenyeswa. Mabulangete, makatani ndi makushoni akasungidwe m'nyumba youma, ndipo ngati n'zosatheka aimikidwe pakati, osagunda khoma. Makabati onse ndi chitseko cha firiji zisiyidwe zotsegula, madzi a m'thanki ndi m'mapaipi akhuthulidwe, silinda ya gasi itsekedwe. Timabowo ta mpweya tikhale totseguka, tongotchingidwa ndi kasefa ka waya koletsa mbewa. Kukuta kalavani yonse ndi pulasitiki wakuda n'kumanga zolimba ndi kulakwitsa kofala, chifukwa chinyezi chochokera pansi chimasowa kolowera ndipo m'kati mumasanduka ngati nazale ya bowa.

M'masitolo mumagulitsidwa timabokosi ta mchere wa calcium chloride toyamwa chinyezi. Timathandiza m'kabati kapena m'kalavani yotsekedwa, malinga ngati wina akubwera kudzataya madzi ake. M'chipinda chogona anthu anayi n'tochepa mphamvu, chifukwa kabokosi kamodzi kamayamwa m'masabata angapo madzi amene banja limatulutsa usiku umodzi. Mpunga ndi makala oikidwa m'mbale amayamwa ochepa kuposa pamenepo. Makina a magetsi oumitsa mpweya amagwira ntchito, koma amadya mayunitsi, ndipo ambiri a iwo amafooka m'chipinda chozizira kwambiri. Chachikulu ndi chakuti wina azitsegula kalavaniyo kamodzi pa masabata awiri, tsiku louma, n'kuyang'ana m'ngodya ndi kudenga.

Udindo wa mwini malo

Si zonse zimene wogonamo angakonze. Denga long'ambika ndi zenera losatseguka ndi udindo wa mwini wake, ndipo malamulo a South Africa ananenapo. Lamulo la ogwira ntchito m'mafamu lotchedwa Sectoral Determination 13, la chaka cha 2006, limati bwana asadule ndalama yoposa 10 pa 100 ya malipiro chifukwa cha nyumba. Limatinso angadule pokhapokha nyumbayo ili ndi denga lolimba losadontha, mazenera a magalasi otseguka, magetsi ngati pa famupo alipo, madzi abwino pamtunda wosaposa mamita 100, chimbudzi, ndiponso kukula kwake kusachepere masikweya mita 30. Kalavani ya mamita 5 ndi 2 ili ndi masikweya mita 10 okha.

Lamulo pa pepala ndi moyo wa pa famu sizifanana nthawi zonse. Lipoti la bungwe la Human Rights Watch la mu 2011, lotchedwa Ripe with Abuse, linafotokoza za antchito a m'minda ya zipatso ndi mphesa ku Western Cape amene ankagona m'malo osayenera munthu, kuphatikizapo khola lakale la nkhumba. Antchito obwera amaopa kudandaula poganiza kuti alibe ufulu, chonsecho mu 2008 khoti la za ntchito linagamula kuti ngakhale mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito amatetezedwa ndi malamulo a ntchito ndipo akhoza kukadandaula ku bungwe la CCMA. Mabungwe monga Women on Farms Project, la ku Stellenbosch, amathandiza amayi a m'mafamu pa nkhani za nyumba ndi umoyo. Mutu umodzi susenza denga: dandaulo la mabanja khumi, lolembedwa ndi masiku ake ndi zithunzi za pa foni, limamveka kuposa la munthu mmodzi.

Mlangizi woyendera malo otere sasowa zipangizo zodula. Mphuno imamuuza zambiri akangolowa pakhomo. Atukule matiresi, alowetse dzanja kuseri kwa kabati, aone ngati timabowo ta mpweya tatsekedwa, afunse chimene banjalo limawothera usiku ndiponso ngati pali mwana wokhosomola. Kachipangizo kakang'ono koyezera chinyezi, kogulidwa ndi gulu n'kumabwerekana, kamaonetsa anthu ndi maso awo mmene nambala imatsikira zenera likatsegulidwa. Cholinga ndi chakuti ikhale pansi pa 60 kwa nthawi yambiri ya tsiku.

Chiperoni cha kwawo

Amalawi ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje sadabwa kwambiri ndi nyengo ya ku Elgin. Kwawo kuli chiperoni, kamvula kowaza ka nkhungu kamene kamabwera pakati pa Meyi ndi Ogasiti, kotchedwa dzina la phiri la Chiperone la ku Mozambique. M'masiku amenewo zovala siziuma, ndipo denga la malata lopanda siling'i limadontheza thukuta pa ogona. Nyumba zakale za udzu zinkatulutsa chinyezi zokha kudzera m'denga. Za malata ndi simenti, makontena osandutsidwa ofesi kapena okala, ndi makalavani a ogwira ntchito yomanga misewu, zimasunga chinyezi monga mmene zimachitira za ku Grabouw, ndipo mankhwala ake ndi amodzimodzi.

Ku Elgin mitengo ya maapozi imachita maluwa chakumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala, mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imayamba kuomba, ndipo makoma amauma. Nthawi imeneyi ambiri amaiwala za chuku, pamene miyezi youmayo ndiyo yogwirira ntchito yaikulu. Mizere yolumikizira denga, m'mbali mwa mazenera ndi mozungulira kachivundikiro ka pamwamba muyenera kuchotsedwa phula lakale lothetheka, n'kumatidwa ndi lomatira makalavani, popeza silikoni wamba wa m'bafa amamatuka ndipo pamene wadutsa china sichigwiranso. Matabwa ovunda asinthidwe, ngalande zikumbidwe, kakhumbi kophikira kamangidwe ndalama ya kukolola idakali m'thumba. Mwezi wa Epulo ukamatha zonsezi zikhale zitatheka, chifukwa phula silimata pa chitsulo chonyowa, ndipo mvula yoyamba ya Meyi siichenjeza.